Kodi amene sanafe ali bwino?

Tavundukulani mwala kapena chikuni chowola kuseri kwa bafa. Mupezapo tizilombo totuwa, ta miyendo 14, timene Angerezi amati woodlice. Usana timabisala pachinyontho, usiku n'kutuluka kukadya masamba owola.

Ku Avonmouth, m'dziko la England, komwe fakitale inkasungunula zinki ndi mtovu mpaka 2003, akatswiri anapeza tizilomboti tili moyo, titaunjika poizoniyo m'kachiwalo konga chiwindi. Kafukufuku wa kumalo ena oipitsidwa anaonetsa kuti kayendedwe ndi kapumidwe kake zimasokonekera. Moyo ulipo, koma si uja wakale.

Vuto lathu nali: choipa timachiyeza powerenga maliro. Kukapanda maliro timati zonse zili bwino. Ku Kabwe, m'Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mtovuwo ukupezekabe m'dothi ndi m'magazi a ana. Anawo amasewera, amapita kusukulu, uku mtovu ukufooketsa ubongo mwakachetechete.

Timakonda kutama opirira. Komatu tisamale, abale: kutama kupirira kwa wodwala kaŵirikaŵiri kumamasula amene anamudwalitsa. Mlandu umayamba tsiku limene moyo wa mnzako wapotoka. Wowononga ayankhe manda asanakumbidwe.