Ufa Wotsiriza M'mbiya

Mawu athu achokera pa 1 Mafumu 17:7-16 ndi 1 Yohane 3:16-18.



Ife okhala kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa sitifunika wotimasulira tikamawerenga kuti mtsinje wa Keriti unaphwa chifukwa mvula inaleka. Tinaziona ndi maso athu. Agogo athu amakamba za 1968, ambiri a ife tikukumbukira 1995, ndipo ngakhale atsikana athu anaona mu 2018 mabwato atagona pa matope ong'aluka ku Kachulu. Nyanja yathu ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo imadalira Domasi, Likangala, Thondwe ndi mitsinje ina. Mitsinjeyi ikachepa, matemba, makumba ndi milamba zimasowa. Zikasowa nsomba, ndalama imasowanso kwa msodzi, kwa mayi wowamba, kwa mnyamata wa kabaza, mpaka m'mbale ya chopereka ku tchalitchi.

Ndi m'nyengo yotere pamene Mulungu anatuma Eliya ku Zarefati, mudzi wa ku Sidoni. Sanamutumize kwa munthu wa nkhokwe yodzaza ayi. Anamutumiza kwa mayi wamasiye amene ankatola nkhuni zoti aphikire chakudya chake chomaliza, iye ndi mwana wake. M'mbiya munatsala ufa wodzaza dzanja, m'nsupa timafuta pang'ono. Ndipo mlendo uja, wa mtundu wina, wa chipembedzo china, anapempha kuti mayiyo ayambe wamuphikira iye.

Tiyeni tinene zoona, amayi. Ndani mwa ife akanavomera? Ine ndikanamulozera njira ya kwa amfumu. Ndikanati ndili ndi mwana, ndipo palibe akanandidzudzula. Timathamangira kumapeto kwa nkhaniyi, kumene ufa sunathe ndi mafuta sanachepe, ndipo timaiwala kuti pamene mayi uja ankakanda ufawo, mbiya inali isanadzaze. Anali ndi lonjezo lochokera pakamwa pa munthu wachilendo, basi. Anapereka asanaone kanthu.

Apa ndi pamene chikondi chachikhristu chimasiyana ndi ulemu wamba. Ambiri a ife timadziwa kupereka zotsala: chitenje chimene chatha mtundu, mkute wa dzulo, nthawi imene tasowa chochita. Izi si zoipa, ndipo wolandira amathokoza. Koma Yohane m'kalata yake akutiloza pa mtanda, kuti chikondi tinachidziwira pamene Khristu anataya moyo wake chifukwa cha ife. Akatero sapitiriza kukamba za imfa zazikulu. Akutsikira ku zinthu za pakhomo: munthu ali nako kanthu, akuona mbale wake akusowa, natseka mtima. Ambiri a ife sitidzaitanidwa kukafera mnzathu. Tidzaitanidwa kuchepetsa nsima ya pakhomo pathu, ndipo pena chimenechi chimavuta kuposa kuimba za mtanda.

Mpingo wathu womwe unabadwa motero. Mu 1861 Bishopu Charles Mackenzie ndi anzake anamanga ku Magomero, m'mbali mwa mtsinje wa Namadzi, pamodzi ndi anthu omasulidwa m'magoli a ukapolo, ambiri mwa iwo amayi ndi ana opanda kwawo. Anadya nawo chakudya chochepa chimene chinalipo. Chaka chisanathe, pa 31 Januwale 1862, Bishopuyo anamwalira ndi malungo kufupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire. Anali ndi zolakwa zake monga munthu, koma sanabwere kudzapereka zotsala.

Tsono Eliya wathu ndani lero? Pano ndifuna ndikhalitse pang'ono, ngakhale nkhaniyi sitikonda kuikamba m'tchalitchi.

Nsomba zikachepa padoko, ogula amachuluka kuposa nsombazo. Mayi wa mpamba wochepa, amene mwamuna wake anamwalira kapena anapita ku Joni osabweranso, amaima m'mbali akuona anzake akudzaza madengu. Tonse tikudziwa mtengo wina umene asodzi ena amatchula kwa mayi wotere, mtengo wosalipidwa ndi ndalama. Ena amakana, nabwerera chimanjamanja kwa ana anjala. Ena amagwa. Akagwa, ife timamva msanga, ndipo nkhani imayenda kuchokera pa mjigo kufika pa chigayo dzuwa lisanalowe. Akadwala timati wadzitengera yekha. Akabwera ku Misa timasendera pa benchi.

Koma funso langa ndi ili: tsiku limene mpamba wake unatha, ife tinali kuti? Pa banki m'khonde tinamukana chifukwa tinkaopa kuti sabweza. Mwina sakanabwezadi. Ndiye chifukwa chake chikondi chimenechi chimatchedwa chodzipereka nsembe. Chikanakhala chotsimikizika kubwerera, tikanachitcha geni. Timati kupatsa n'kuika, ndipo mwambiwo ndi wabwino, koma Ambuye anatiphunzitsa kuika ngakhale pamene sitidzatapapo.

Ndiulule changa. Chaka china cha njala mayi wina woyandikana nane anabwera madzulo ndi kambale. Ndinali ndi ufa wokwana masiku anayi. Ndinamuuza kuti wandithera, ndipo ndinanena ndi nkhope yachisoni yoti aliyense akanakhulupirira. M'mawa mwake ndinavala yunifolomu yanga yoyera ndi yabuluu, ndi kupita kukatsogolera mapemphero. Mayiyo sanandifunsenso kanthu mpaka anasamuka. Kambale kaja ndimakaonabe ndikagwada kulandira Ukaristia.

Pali enanso. Asodzi ogona m'zimbowera pakati pa nyanja amamwa madzi omwewo amene amadzithandiziramo, ndipo kolera ikabuka imawagwira msanga. Mliri wa 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Ambiri mwa anyamata a m'zimbowera kwawo ndi kutali, ena ndi a tsidya lija la Mozambique. Akatsitsidwa m'bwato ali lefu, alibe mayi wowaphikira phala kapena wochapa zovala zawo. Kumudikirira wodwala wotere kumafuna kusiya munda wa mpunga tsiku lonse, kutsata malangizo a azaumoyo pa za sopo ndi klorini, ndi kupirira mawu a anthu ofunsa kuti kodi ameneyu ndi m'bale wanu. Pamene Yesu anakumbutsa anthu a ku Nazarete za mayi wa ku Zarefati, pa Luka 4, anakwiya mpaka kufuna kumuponya kuphompho, chifukwa anawaonetsa kuti chifundo cha Mulungu chimadumpha malire a mtundu. Mitima yathu nayo imakwiya chimodzimodzi, kungoti mwakachetechete.

Ndichenjeze pa chinthu chimodzi, chifukwa mawu awa ena amawapotoza. Kudzipereka nsembe si kukhala chete pamene mwamuna akukumenya, kapena pamene mwana wamkazi akukwatitsidwa ali pa sukulu kuti pakhomo papezeke thumba la chimanga. Khristu anapereka moyo wake mwa kufuna kwake, palibe anamulanda. Chimene walandidwa mokakamiza si chopereka. Mayi amene ali m'mavuto otere, chikondi chathu ndi kumutsegulira chitseko usiku, ndi kumuperekeza kwa wansembe, kwa amfumu kapena kupolisi, ngakhale abale a mwamunayo atida.

Namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023, tinaona amayi amene nyumba zawo zinagwa akugawana bulangete limodzi m'makalasi a sukulu. Osauka anathandiza osauka galimoto za thandizo zisanafike. Mphatso imeneyi ili kale pakati pathu. Imangofuna kuti isadikire namondwe.

Choncho pempho langa ku nthambi iliyonse ya Mothers' Union m'mbali mwa nyanjayi ndi ili. Pa msonkhano ukubwerawu, mayi aliyense abwere ndi kapu imodzi ya ufa wotapa m'mbiya imene akudya, osati wa m'nkhokwe. Musalembe maina a opereka. Amayi awiri asankhidwe kukautula madzulo, mopanda nyimbo, pakhomo limene nonse mukulidziwa koma simunapondepo chaka chino. Akafika akhale pansi pa mphasa, ndipo akapatsidwa madzi amwe.