Mtima wa Wantchito Ngwa Yani?

Phunziro limene ndimaphunzitsa lili ndi dzina londiwawa m'kamwa. Pa Chingerezi amati "human resources", ndiye kuti munthu wawerengedwa kaundula mmodzi ndi feteleza, matayala ndi ndalama za ku banki. Ophunzira anga amalemba mawuwa osaphethira, inenso ndimawachonga osaphethira, pakuti nsima yanga ili momwemo.

Tchuthi chapitachi ndinali ku Chintheche. M'mamawa ndinkakhala pamchenga kuonerera anyamata akukocheza ndi usipa, atachezera usiku wonse panyanja ndi chilimira ndi nyali. Kumeneko kulibe kapitawo wa wotchi kumanja, kulibenso fomu yofunsa ngati munthu akukondwa. Komabe amakoka ndi mtima wonse. Chifukwa chake nchosabisika: ndalama za nsomba amagawana mwini zida ndi okoka, tsono nsomba zikachuluka aliyense akudziwa kuti kwake kufuka utsi. Ife m'kalasi timaphunzitsa kapezedwe ka mtima womwewo, koma za gawo timangodumphapo.

Taonani m'mene phunziroli layendera. Mu 1911 Frederick Taylor anafuna manja okha, atayeza kale ndi wotchi mphindi zimene munthu amatha ponyamula chitsulo. Kuyambira 1924 mpaka 1932, pa fakitale ya Hawthorne pafupi ndi Chicago, akatswiri anayamba kunena kuti wantchito amalimbika akaona kuti wina akumlabadira. Mu 1990 William Kahn analemba za munthu wodzipereka yense pa ntchito, thupi, nzeru ndi mtima, ndipo mawu akuti "engagement" anafalikira kuchokera pamenepo. Poyamba manja, kenaka makutu, lero mtima. Makolo athu pa thangata ankapereka msana, koma mtima ankabwerera nawo kumudzi. Ankatha kumtukwana mzungu chamumtima akulima thonje lake. Kodi si ufulu wotsiriza umenewo umene ndikuphunzitsa ana a eni kulanda?

Ndisanamizire phunziro langa. Munthu wodana ndi ntchito yake amazunzika kuyambira m'mawa mpaka poweruka, ndipo kumchotsera chizunzo chimenecho si tchimo. Wocheka mitengo ya mphira ku Vizara, amene amadziwa pofikitsa mpeni kuti utomoni utuluke koma mtengo usapwetekeke, ali ndi luso loyenera kunyadira. Kahn yemweyo anati munthu amadzipereka ngati ntchito ili ndi tanthauzo ndiponso ngati angathe kulankhula osaopa chilango. Immanuel Kant naye, mu 1785, sanaletse kugwiritsa munthu ntchito. Analetsa kumuyesa chipangizo chabe. Mlandu wonse wagona pa liwu lakuti "chabe".

Koma ndani angaweruze ngati tadutsa malire a "chabe"? Bwana sangadziweruze. Ine sindingathenso, popeza amene ndimawaphunzitsa amakakhala mbali ya bwana pa tebulo.

Yankho lina linabadwira kufupi ndi pomwe ndinakhala paja. Ku Chifira, pafupi ndi Bandawe, mu 1896 kunabadwa Clements Kadalie. Ataphunzira ku Livingstonia anatsata njira ya matchona, ndipo mu 1919 anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town. Chaka chomwecho antchito a padoko ananyanyala ntchito. Pofika 1927 mamembala anali pafupifupi 100,000, anthu osauka osonkha ndalama kuchokera pa timalipiro tawo, oyenda mitunda kukamva msonkhano. Ngati kudzipereka ndi kumeneku timakufuna, nakotu. Palibe manijala anakukonza. Anthu anapereka mtima kumene mawu awo ankamveka. (Bungwelo linagawanika pasanathe zaka zambiri chifukwa cha mikangano ya atsogoleri ndi ya ndalama, mwina Kadalie akanapindulako ndi maphunziro anga a kayendetsedwe ka zinthu. Izi ndikuvomera.) Chondidabwitsa nchakuti m'mabuku athu wantchito wolimbika mwakachetechete timamutcha wodzipereka, koma yemweyo akalimbika pofunsa malipiro timamutcha vuto. Mtima ndi womwewo, wangotembenukira kwina.

Nchifukwa chake ndayamba kukayika ngati mtima wa wantchito uli chinthu choti bwana aziyeza ngati mvula. Ndi wa mwini wake. Angathe kuupereka, monga apereka anyamata a chilimira, koma poona gawo lake ndiponso podziwa kuti akhoza kuubweza.

Nditabwerako ku nyanja ndinapeza kalata ya mtsikana wina amene ndinamphunzitsa, tsopano woyang'anira antchito pa kampani ina. Akuti: "Aphunzitsi, ndithandizeni mafunso oyezera ngati antchito athu akuika mtima pa ntchito. Abwana akufuna lipoti." Kumapeto, ngati nkhani yongokumbukira, waonjeza kuti malipiro achedwa miyezi iwiri. Mafunsowo ndili nawo, okwana masamba atatu, ndipo ndine ndinamphunzitsa kuwagwiritsa ntchito. Kalatayo yatha sabata ziwiri m'dirowa.