Ufulu wa Mwini Malonda ndi Lamulo Loletsa Tsankho ku America

Funso lakuti boma lingaletse munthu wamba kusala anzake pamalo ake a malonda lakhala likuvuta dziko la America kwa nthawi yaitali. Mu 1875 nyumba ya malamulo idaletsa mahotela, masitima ndi nyumba za zisudzo kukana anthu akuda. Mu 1883 Khoti Lalikulu lidathetsa lamuloli, ponena kuti ndime yomwe idawonjezedwa m'malamulo oyendetsera dziko mu 1868, yolonjeza chitetezo chofanana kwa aliyense, imamanga manja a maboma a zigawo okha, osati a munthu payekha.

Si onse oganiza chotere amene ali atsankho. Iwo amati katundu wa munthu ndi wake, ndipo ufulu wosankha wochita naye malonda umalola ngakhale kusankha moipa. Akuti boma likangopatsidwa mphamvu yoweruza zolinga za mumtima, mawa lidzaigwiritsa ntchito pa zina. Phungu wa nyumba ya malamulo Barry Goldwater adakana lamulo loletsa tsankho la Civil Rights Act la 1964 ponena kuti zigawo zake zokhudza malonda ndi ntchito zikupyola malire a mphamvu za boma.

Ganizoli limafooka pamene okanawo achuluka. Hotela imodzi ikakana mlendo, iye amapita ina. Zikamukana zonse za mumsewu umenewo, kukanako kwasanduka lamulo losalembedwa, ndipo mlendo amagona m'galimoto. N'chifukwa chake kuyambira 1936 Victor Hugo Green ankasindikiza kabuku kouza apaulendo akuda malo amene angalandiridwe. M'zigawo zambiri zakummwera tsankholo silidali ngakhale chisankho cha mwini malo, popeza malamulo akumeneko ankalamula kulekanitsa mitundu.

Lamulo la 1964 litayamba kugwira ntchito, mwini hotela ya Heart of Atlanta, ya zipinda 216, adakalitsutsa kukhoti. Khoti Lalikulu lidamugonjetsa mu Disembala chaka chomwecho, koma lidalowera khomo lam'mbali. Silidagamule potengera kufanana kwa anthu, koma mphamvu ya boma yoyang'anira malonda odutsa malire a zigawo: alendo ambiri a hotelayo ankachokera kunja kwa chigawo cha Georgia, komwe kudali hotelayo. Tsiku lomwelo malo odyera a Ollie's Barbecue ku Birmingham adagonjanso, chifukwa gawo lalikulu la nyama yawo linkachokera kunja kwa chigawo chawo cha Alabama. Chotero nkhani ya ulemu wa munthu idaweruzidwa potsata kumene nyama idagulidwa, chinthu chomwe woweruza William Douglas, ngakhale adavomereza chigamulocho, sadakhutire nacho.

Masiku ano mkanganowu wasamukira pa chikumbumtima ndi ufulu wolankhula. Mu 2023, pa mlandu wa 303 Creative, khotilo lidagamula kuti chigawo cha Colorado sichingakakamize mayi wokonza masamba a pa intaneti kulemba uthenga wa ukwati wotsutsana ndi chikhulupiriro chake. Lidasiyanitsa kukana uthenga ndi kukana munthu. Oweruza atatu mwa asanu ndi anayi adati kusiyanitsako n'kwapakamwa chabe.