Mphika wa pa Fuwa Limodzi

Padangokhala!

Tili tonse!

Chaka china mvula inadula chimanga chikumasula ngayaye. Pofika Januwale nkhokwe za m'mudzi wina kuchigwa cha Shire zinali pululu. Boma linatumiza lole ya thandizo, ndipo banja lililonse lolembedwa linkalandira thumba la chimanga la makilogalamu 50 pamwezi.

Kamwendo atatula thumba lake pakhonde anauza mkazi wake kuti, "Naphiri, boma latiombola. Khasu lipume." Kuyambira tsikulo kudimba anasiya, n'kumangokhalira bawo pansi pa mtengo wa bwemba. Ana ake asanu ankadya nsima yosusa m'madzi amchere, masana ndi madzulo.

Kuseri kwa mpanda kunkakhala agogo Nasibeko ndi adzukulu awo. Thumba analandira lomwelo, koma m'mawa uliwonse ankalawira kukatchola bonongwe ndi chisoso, n'kutendera ndi nsinjiro. Kudimba anabzala khobwe ndi maungu. Nkhuku ikaikira, dzira linkalowa m'phala la mwana. Akapeza ganyu yopalira, kandalamako ankagula mulu wa matemba.

Patapita miyezi iwiri, chitsirizira wa Kamwendo anatupa masaya ndi mapazi.

"Taonani mmene wanenepera ndi chimanga cha boma!" ankadzitama bamboyo pabawo.

Koma tsitsi la mwanayo linafiira n'kumathothoka, ndipo kusewera analeka. Tsiku la sikelo, mlangizi wa zaumoyo anadinikiza chala paphazi pake. Atachotsa chala, kadzenje kanatsala pomwepo.

"Mayi, uku si kunenepa. Mwanayu wanyentchera," anatero mlangiziyo, n'kuwatumiza kuchipatala. Kumeneko mwana anagonekedwa masiku angapo, kenako anatuluka ndi chiponde.

Kamwendo analusa. "Mwana wodya nsima kawiri patsiku anganyentchere bwanji? Pali munthu pamenepa!"

Agogo Nasibeko atamva, anamuitanira kukhitchini kwawo. Anachotsa mafuwa awiri pamoto, n'kusiya limodzi.

"Mwananga, tanditerekera mphikawu."

Kamwendo anayesa. Mphika unapendekeka, madzi n'kuzimitsa moto. Anayesanso, phulusa linamuthovokera kumaso.

"Agogo, fuwa limodzi silingatheke."

"Nanga thupi la mwana walitereka pa mafuwa angati?" anafunsa agogowo. "Nsima imatseka njala ndi kupatsa mphamvu, koma siimanga thupi payokha. Ku sikelo amatiuza za magulu 6: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Lole ija yatibweretsera gulu limodzi. Tithokoze, chifukwa popanda thumba lija bwenzi tikukumba manda. Koma asanu enawo ali kudimba, kutchire ndi m'khola."

Kamwendo anaweramitsa mutu. M'mawa mwake anakasolola khasu kudenga, lili dzimbiri lokhalokha. Agogo anamugawira mbewu ya khobwe yodzaza chikho. Pasanathe mwezi Naphiri anayamba kutendera chitambe, ndipo khobwe atacha ana anadya ndiwo zanyemba. Mwana uja anaphwa mapazi, tsitsi linada, n'kuyambanso kuthamangitsa anapiye pabwalo.

Ndiye ana inu, thandizo likabwera lilandireni ndi manja awiri, koma khasu musaliponye kudenga. Mwana wokhuta nsima yokhayokha akhoza kufa ndi njala ina imene mimba siimva.

Nthano yathera pomwepa. Kaphuleni mbatata, ingapserere!