Mbewa ya manyazi idafera kuuna

Akale ponena kuti mbewa ya manyazi idafera kuuna ankachenjeza kuti woopa kusekedwa amadzimana yekha mwayi. Pa ndale, manyazi aakulu ndi otsika mpando. Taonani chitsanzo cha Jerry Brown, amene anali bwanamkubwa wa California kuyambira 1975 mpaka 1983. Analephera pa chisankho cha Senate mu 1982, ndipo katatu konse chipani cha Democratic sichinamusankhe kuti aimire upulezidenti. Ambiri akanangokhala phee kunyumba, koma iye mu 1999 anakhala meya wa Oakland, n'kumalimbana ndi umbanda, maenje a m'misewu ndi nyumba zosiyidwa. Anakhazikitsanso ndondomeko yokopa anthu 10,000 kuti azikhala pakatikati pa mzindawo.

Ena anganene kuti uku sikudzichepetsa koma dyera, popeza umeyawo unali makwerero obwererera pamwamba, ndiponso nyumba zatsopano za ndondomekoyo zinakomera opeza bwino. Mfundo yachiwiriyi ili ndi mutu ndithu. Komabe mwambiwu sukuyamikira kuyera mtima. Ukudzudzula kunyada kumene kumam'manga munthu manja. Kufuna mpando si mlandu ngati woufunayo akulolera kuweruzidwa ndi ovota, ndipo anthu a ku Oakland anamusankhanso mu 2002. Atabwerera pa ubwanamkubwa mu 2011 anapeza boma lili ndi mavuto aakulu azachuma, ndipo mu 2012 anapempha ovota poyera kuti avomereze kukweza misonkho, iwo n'kuvomera. Mtsogoleri amene anazolowera kumva madandaulo a anthu maso ndi maso sachita mantha kuwauza zowawa.