Kodi Kukayikira Nkhani Iliyonse Ndi Nzeru?

Mukakwera minibasi kuchokera kuno kwa Likoswe kupita ku Limbe, simulephera kumva wina akuti, "Mawailesi onsewa ndi abodza." Dandaulo lakelo lili ndi pogwira. Chiyambire 1994, boma lililonse likalowa, anthu amadandaula kuti MBC ikukondera chipani cholamula.

Koma munthu akasiya kukhulupirira wailesi sakhala wopanda chokhulupirira. Amayamba kudalira mnzake wa chipani chimodzi, kapena uthenga wa pa WhatsApp wosadziwika mwini wake.

Kumbukirani 2017. Mphekesera ya anamapopa inabuka ku Mulanje ndi Phalombe mpaka kufika kuno ku Chiradzulu. Apolisi ananena kuti palibe umboni, koma ambiri anati akubisa. Anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu aukali. Pa ndale zimayendanso choncho. Ukamangomva za mbali yako yokha, mnansi wovala nsalu ya chipani china amasanduka mdani, ngakhale dzulo munakumbira limodzi manda.

Kufufuza choonadi patokha sikutanthauza kukana zonse. Ndi ntchito yofuna kudekha: wanena ndani? Anaona yekha kapena anangomva? Nanga wailesi ina ikuti chiyani? Povuta kwenikweni ndi kufunsa mafunso omwewa pa nkhani imene yatikomera, yonyoza anthu amene sitigwirizana nawo.

Tikambirane: ndi nkhani iti imene mwatumizira ena sabata ino musanaitsimikize? Ikanakhala yonyoza mbali yanu, mukanaitumiza?