Mlandu suola

Akuluakulu akamati "mlandu suola," amatanthauza kuti cholakwa sichifufutika chifukwa choti zaka zapita. Víctor Jara, mwana wa alimi osauka ku Chile, ankayimba ndi gitala za anthu ogwira ntchito m'minda ndi m'mafakitale. Asilikali a Augusto Pinochet atalanda boma mu 1973, adamutsekera m'bwalo la Estadio Chile, namuphwanya manja, kenako namuwombera. Opha aja adayesa kuti nkhani yathera pomwepo. Koma mkazi wake, Joan, sadatope kufunafuna chilungamo. Mu 2003 bwalolo lidapatsidwa dzina la Jara, ndipo mu 2023 khoti lalikulu la dzikolo lidatsimikiza chilango cha asilikali opuma pantchito amene adamupha. Adakayankha mlandu atamera kale imvi.